Tchuthi chodziphikira ku mapiri a Drakensberg: zokonzekera musananyamuke ku Johannesburg

Nyumba zimene pa intaneti amazilemba kuti self-catering ndi zija amakupatsani makiyi, mabedi, khitchini ndi ziwiya, koma zophika n'zanu ndipo wophika ndinu nomwe. Kwa banja kapena gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi okhala kuno ku Johannesburg, imeneyi ndi imodzi mwa njira zotchipa zokaonera mapiri a Drakensberg. Lendi ya nyumba mumagawana, ndipo nsima mumadya yanuyanu, yolimba mmene mumaifunira. Koma ulendo woterewu umakonzeka kapena kusokonekera mukadali kunyumba. Kumapiriko sitolo yaikulu imatha kukhala pa mtunda wa ola lathunthu pagalimoto, netiweki ya foni imabwera n'kuthawa, ndipo chimene mwaiwala patebulo ku Rosettenville simukachibwereka kwa aneba.

Kusankha mbali ya phiri

Mapiriwa atambalala mtunda wautali m'malire a South Africa ndi Lesotho, ndiye kungogwirizana kuti "tiyeni ku Drakensberg" sikuthandiza kanthu. Gawo lalikulu la mbali ya KwaZulu-Natal limayang'aniridwa ndi Ezemvelo KZN Wildlife, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika kusungidwa padziko lonse, chifukwa cha chilengedwe chake komanso zithunzi zimene anthu a mtundu wa San anajambula m'mapanga.

Kumpoto, komwe kuli kufupi ndi ife, kuli Royal Natal. Uko n'kumene kuli chikhoma cha thanthwe chotchedwa Amphitheatre, chotambasuka makilomita pafupifupi 5, ndi mathithi a Tugela ogwa mamita 948. Nyumba za ku msasa wa Thendele zayang'anizana ndi chikhomacho, pomwe ku msasa wa Mahai ndi kwa a matenti. Pakati pali Cathedral Peak ndi msasa wake wa Didima, kenako Champagne Valley kufupi ndi tawuni ya Winterton, komwe nyumba zodziphikira za anthu wamba n'zambiri ndipo timasitolo tili pafupi. Kutsika kummwera mupeza Giant's Castle ndi Kamberg, ndipo kumapeto kuli Underberg ndi Himeville, m'munsi mwa Sani Pass. Kummwera kumeneku n'kutali kwambiri kwa munthu wongokhala ndi Loweruka ndi Lamlungu. Masiku awiriwo athera mumsewu.

Ngati ndi ulendo woyamba ndipo muli ndi ana, sankhani Champagne Valley, kapena Clarens ndi Golden Gate ku Free State. Ngati gulu lanu ndi la anthu ofuna kuyenda m'phiri, Thendele ndiye malo, koma nyumba zake zimatha msanga. Ku Golden Gate, yomwe ili pansi pa SANParks, bungwe la boma loyang'anira mapaki a dziko, kumbukirani kuti ndalama yolowera patsiku ili pamitengo itatu: ya nzika ndi okhazikika m'dziko muno, ya anthu a m'mayiko a SADC, ndi ya alendo ochokera kutali. Malawi ili mu SADC, choncho onetsani pasipoti pageti kuti asakulipiritseni mtengo wa alendo akutali.

Za Sani Pass tinene mosabisa. Kukwera pamwamba pake ndi kutuluka m'South Africa kulowa mu Lesotho, pamafunika pasipoti ndi galimoto ya 4x4. Ngati mapepala anu salola kutuluka n'kubwereranso, musayese n'komwe, ngakhale anzanu akukakamizeni bwanji.

Kubukitsa, ndi mafunso ofunsa musanalipire

Disembala, Pasaka ndi tchuthi cha sukulu cha pakati pa chaka ndi nthawi zodula, ndipo nyumba zabwino zimatha kudakali miyezi ingapo. Epulo ndi Meyi, mvula itachepa koma chisanu chisanalimbe, ndi nthawi yokoma kwambiri. Amene amagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu n'kupuma pakati pa sabata ali ndi mwayi, chifukwa malo ambiri amatsitsa mtengo kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi.

Bukitsani kudzera kwa Ezemvelo kapena SANParks mwachindunji, kapena pa masamba odziwika monga LekkeSlaap, Booking.com ndi Airbnb. Akuba a pa Facebook amatenga zithunzi za nyumba yeniyeni, n'kuika mtengo wotsika modabwitsa, n'kukufulumizitsani kuti mutumize dipoziti lero lomwe chifukwa ati wina akuifunanso. Mukawona kufulumizitsa koteroko, fufuzani dzina la malowo panokha, imbani nambala ya pa tsamba lawo lenileni, mufunse ngati akaunti mwapatsidwayo ndi yawo.

Onaninso ngati mtengo ndi wa nyumba yonse kapena wa munthu mmodzi pa usiku. Apa ndi pomwe magulu ambiri amakhumudwira. Nyumba yolembedwa kuti imagona anthu asanu ndi mmodzi nthawi zina ili ndi zipinda ziwiri ndi sofa yotambasula pabalaza, zomwe sizingayende ngati muli ndi apongozi paulendo. Ndipo musawonjeze anthu mobisa poganiza kuti ana agona pansi. Pageti amawerenga mitu.

Tumizani mafunso awa pa WhatsApp kuti mayankho akhale olembedwa. Sitovu ndi ya gasi, ya magetsi ya mapuleti, kapena ya induction, ija yotenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito? Magetsi akathima pali chothandizira, ndipo chimayendetsa chiyani, nyali zokha kapena ndi filiji yomwe? Madzi apampopi ndi akumwa? Mathaulo ndi mabulangete owonjezera alipo? Msewu wofika pakhomo ndi wa tara kapena wafumbi, ndipo kagalimoto kotsika kangadutse mvula itagwa? Geti limatsekedwa nthawi yanji? Dipoziti ya zoswaswa ndi zingati, ndipo imabwezedwa liti? Ngati muli gulu la mpingo lofuna kuimba madzulo, nenani poyera, chifukwa malo ambiri, makamaka m'mapaki, salola phokoso usiku.

Ndalama za gulu zisonkhedwe zonse ulendo usanayambe, zisungidwe ndi munthu mmodzi, ndipo mugwirizaniretu kuti wosintha maganizo kumapeto sabwezeredwa gawo la nyumba.

Msewu

Njira ndi N3, kudzera ku Heidelberg, Villiers ndi Warden mpaka Harrismith, maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Musanafike Harrismith mulipira pa toll gate ziwiri, De Hoek ndi Wilge. Opita ku Royal Natal amapatuka pa Harrismith kukagwira R74, yodutsa m'mbali mwa damu la Sterkfontein n'kutsika Oliviershoek Pass. Ulendo wonse ndi wa maola anayi ndi kanthu. Msewu umenewu umakonda kukumbika maenje, ndiye funsani eni nyumba mmene ulili sabata imeneyo. Opita ku Champagne Valley amapitirira ndi N3, kutsika Van Reenen's Pass, kulipira pa Tugela, kenako kupatukira ku Winterton ndi kugwira R600. Pa Van Reenen pamakhala nkhungu, mphepo yamphamvu ndi mathiraki ambiri, ndipo chipale chikagwa nthawi yozizira msewu umatha kutsekedwa.

Kupita ndi kubwera, kuphatikiza timaulendo ta komweko, werengerani makilomita 800. Galimoto yomwa malita 7 pa makilomita 100 idzafuna malita 56. Thirani petulo wodzaza pa Harrismith, Bergville kapena Winterton musanalowe m'midzi. Nyamukani m'mawa kuti mukafike kukuwala, chifukwa misewu ya kumapeto ilibe magetsi ndipo ng'ombe, mbuzi ndi anthu oyenda pansi amakhala pamsewu pomwepo. Tayala lapadera likhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalepo, ndipo aliyense anyamule mapepala ake. Opanda galimoto achite hayala minibasi yokawatula ndi kudzawatenga. Mabasi a ku Durban ochokera pa Park Station amangokusiyani m'mbali mwa N3, kutali ndi kumene mukupita.

Khitchini: apa ndiye pagona nkhani

Makhitchini a nyumba zimenezi anakonzedwera anthu owiritsa pasta ndi kukazinga mazira. Mapoto ake ndi ang'onoang'ono ndiponso opyapyala pansi, ndipo supuni yamtengo imene mudzaipeze m'dirowa ingathyoke mukangoyamba kutakasa. Choncho nyamulani poto yanu ya nsima yokwana gulu lonse, mthiko, chipande, mpeni wakuthwa ndi chotsekulira zitini. Funso la sitovu lija n'lofunika pachifukwa ichi: poto ya aluminiyamu, ngati zija za Hart zomwe zili m'nyumba zathu zambiri, siitentha pa sitovu ya induction ngakhale mudikire mpaka mawa. Sitovu ya galasi pamwamba nayo imakandika kapena kusweka poto ikamagwedezeka mwamphamvu, ndipo mtengo wake adzauchotsa pa dipoziti yanu. Yankho likakhala induction kapena galasi, tengani kasilinda ka gasi ndi mutu wake, muziphikira nsima pakhonde. Kasilinda komweko kadzakuthandizani magetsi akathima.

Tiwerengere gulu la akuluakulu anayi ndi ana awiri, kufika Lachisanu madzulo ndi kunyamuka Lolemba m'mawa. Munthu wamkulu amadya ufa pafupifupi magalamu 200 pa chakudya chimodzi, ndiye thumba la makilogalamu 5 likwanira nsima kanayi ndi phala la ana m'mawa. Onjezani mpunga makilogalamu 2, nkhuku ziwiri, nyama yowotcha ndi soseji makilogalamu 2, thireyi ya mazira 30, buledi malofu anayi, mkaka wa m'mabokosi malita 4, mafuta ophikira lita imodzi, shuga kilogalamu imodzi, tomato makilogalamu 3, anyezi, masamba a tiyi ndi mchere. Mchere, machesi, sopo wotsukira mbale, siponji ndi mapepala a kuchimbudzi ndi zomwe zimaiwalika kwambiri, chifukwa kunyumba sitiziganizira. Nyumba zina zimaika zochepa zongoyambira, zina siziika kanthu.

Nyemba musakaphikire kumeneko. Zimadya gasi ndi nthawi, pamene inu mukufuna kukhala panja. Phikani kilogalamu imodzi kunyumba, muziumitse mufiriza, zikangotenthetsedwa. Usipa, matemba, mfutso ndi nsinjiro gulani kuno, ku msika wa ku Yeoville kapena kwa amayi obweretsa za kumudzi, chifukwa ku Bergville simukazipeza. Izi ndi ndiwo zabwino kwambiri paulendo popeza sizifuna filiji. Pokazinga nsomba zouma tsekulani mawindo mukadali pomwepo kapena kazingirani panja, chifukwa fungo limakanirira m'makatani ndipo eni nyumba ena amalipiritsa ndalama yoyeretsera. Masamba aawisi monga rape kapena chinese akulungeni m'nyuzipepala ndipo muwadye masiku awiri oyamba.

Nyama iume gwa mufiriza masiku awiri ulendo usanachitike. Mu cooler box muiike pansi, pamwamba pake mabotolo a malita 2 a madzi oumitsidwa m'malo mwa ayezi wogula. Akasungunuka ndi madzi akumwa ndipo sanyowetsa zakudya. Bokosilo lisatsekulidwe m'njira, zakumwa zikhale ndi bokosi lawo. Mukafika mupeza kuti filiji ndi yaing'ono, mwinanso inali yothimitsa, ndipo imatenga maola kuti izizire mukaidzaza. Choncho dongosolo la kadyedwe likhale lotere: nkhuku tsiku loyamba, nyama yowotcha Loweruka, nyemba ndi usipa Lamlungu. Nyama imene yasungunuka kale musaibwezere mufiriza.

Nkhoko ndi zotsala za nsima musazitsanulire mu sinki. Nyumba za kumidzi zimagwiritsa ntchito dzenje la septic, ndipo mapaipi ake amatsekeka msanga ndi ufa ndi mafuta. Nyikani poto m'madzi usiku, m'mawa mukokote nkhokozo muponye m'bini.

Moto, kuzizira ndi anyani

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi malo owotchera nyama panja, koma makala, nkhuni ndi zoyatsira n'zanu. Matumba awiri a makala akwanira masiku atatu. M'paki n'koletsedwa kutola nkhuni kapena kuyatsa moto pena paliponse kupatula pamalo okonzedwa. Kuyambira Juni mpaka Seputembala udzu umauma kwambiri, ndipo mphepo ikawomba khala limodzi limayatsa phiri lonse. Musanakagone thirani madzi pamakala mpaka asiye kufuka.

Chenjezo ili n'la moyo. Kukazizira, musalowetse mbaula kapena makala otsala m'nyumba kuti muwothe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha ndiponso wosaoneka, umene umapha anthu ali m'tulo. Mu Juni ndi Julayi kumapiriko kumazizira mpaka madzi kuuma usiku, ndipo yankho lake ndi mabulangete owonjezera, masokosi, zipewa ndi mabotolo a madzi otentha. Ngati nyumba ili ndi pamoto pake pokhala ndi chumuni, funsani mmene amatsekulira kachitseko ka utsi musanayatse.

Magetsi akumeneko ndi ofooka. Hita, ketulo ndi sitovu zikayaka limodzi switchi yaikulu imagwa, ndiye tsiku lofika funsani pomwe pali bokosi la magetsi. Madzi otentha a mu geyser sakwana anthu asanu ndi mmodzi osamba motsatizana. Ena asambe madzulo, ena m'mawa. Matochi awiri ndi power bank zisasowe.

Anyani a m'misasa ya m'paki anazolowera anthu. Amalowa pawindo lotseguka pang'ono inu muli kuchipinda china, amadziwa filiji ndi cooler box, ndipo amasiya nyumba ili mbwee. Tsekani mawindo ndi zitseko nthawi iliyonse mukuchoka pabalaza kwa nthawi, musasiye chakudya pakhonde, ndipo muwauze ana kuti asawaponyere buledi. Nyani wozolowera kupatsidwa chakudya amayamba kulanda, ndipo mapeto ake oyang'anira paki amamupha.

Kuyenda m'phiri

Musanalowe m'njira iliyonse yaitali, lembani mayina anu, njira yanu ndi nthawi yobwerera m'buku la pageti kapena ku ofesi, ndipo pobwera mulembenso kuti mwatuluka. Opulumutsa anthu amayambira m'buku limenelo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, kumwamba kutacha bwinobwino m'mawa. Nyamukani 6 kapena 7 koloko kuti pofika 1 koloko muzikhala mukutsika. Mphenzi zikayamba chokani pamitunda, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ndipo mtsinje ukadzaza dikirani uphwere, musawoloke. Nkhungu yakumeneko imatsika ngati chiperoni cha ku Mulanje, njira n'kusowa pamaso. Zikatero khalani pamodzi pamalo amodzi mpaka iyere.

Ku Royal Natal, njira ya Cascades yoyambira ku Mahai ndi yaifupi, yokwanira ana ndi agogo. Ya Tugela Gorge ndi makilomita pafupifupi 14 kupita ndi kubwera, maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kumapeto mumawoloka mtsinje pamiyala. Ambiri sadziwa kuti pamwamba pa mathithi a Tugela safikirapo kuchokera ku Thendele pa tsiku limodzi loyenda wamba. Njira yodziwika imayambira ku Sentinel, mbali ya Free State, kudzera ku Phuthaditjhaba ndi Witsieshoek, ndipo imathera pa makwerero a unyolo okhomedwa pathanthwe. Wochita chizungulire pamalo okwera asapiteko.

Aliyense anyamule madzi malita 2, chovala cha mvula, juzi, chipewa ndi nsapato zotseka zogwira pansi, osati masilipasi. Mphiri siithawa munthu, imangogona panjira, ndiye yang'anani popondapo. Wina akalumidwa musamuteme kapena kumumanga chingwe. Mukhazikeni phee, imbani 112, athamangitsidwe kuchipatala. Madzulo fufuzani nkhupakupa m'miyendo ndi m'mutu mwa ana. Wina akamva kutentha thupi ndi mutu patapita sabata, ali ndi kachilonda kakuda pomwe analumidwa, auze a chipatala kuti anali kutchire. Ku Drakensberg kulibe malungo, koma ngati munthuyo wachoka kumudzi posachedwa, ayezetsenso malungo.

Zithunzi za m'mapanga

Amene anafikapo ku Chongoni ku Dedza, komwe UNESCO inakuzindikira mu 2006, adziwa kale kulemera kwa zinthu zotere. Ku Drakensberg zithunzi za a San zilipo zikwizikwi m'mapanga mazanamazana, ndipo nyama yojambulidwa kwambiri ndi ntchefu, imene kwa iwo inali nyama ya mphamvu zauzimu. Zofikirika mosavuta zili ku Main Caves ku Giant's Castle, ulendo wapansi wosakwana ola kuchokera pamsasa, ku Game Pass Shelter ku Kamberg, komwe kukwera kwake n'kolimba koma zithunzi zake n'zoonekabe bwino kwambiri, ndi ku Sigubudu ku Royal Natal. Kumalo amenewa mumapita ndi wotsogolera, ndipo kawirikawiri amakhala munthu wa m'midzi yozungulira. Funsirani nthawi zake dzulo lake ndipo nyamulani ndalama ya m'manja. Musakhudze, musathire madzi kuti chithunzi chiwale pa foni, musalembe dzina pathanthwe. Utoto umenewu ukangochoka palibe angaubwezere.

Kumidzi ya kumeneko moni ndi wofunika monga kwathu. "Sanibonani" musanafunse njira amatsekula zambiri, ndipo madengu oluka amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku Royal Natal ndi abwino kugula osanenerera mpaka kuwapweteka.

Tsiku lofika ndi lonyamuka

Malo ambiri amalola kulowa 2 koloko masana ndi kutuluka 10 koloko m'mawa. Mukangolowa, musanamasule katundu, werengani mbale, matambula ndi masupuni poyerekeza ndi pepala la ziwiya ngati lilipo, jambulani chilichonse chosweka kapena chothimbirira, mutumize kwa eni nyumba tsiku lomwelo. Mukapanda kutero chosweka chakale chidzakhala chanu.

Usiku womaliza longedzani zonse, musiye za tiyi zokha. M'mawa tsukani ziwiya, chotsani phulusa ngati lazizira, tulutsani za mufiliji, mangani zinyalala muike m'bini yotseka kuti anyani asamwaze, ndipo yang'anani pansi pa mabedi ndi m'masoketi, momwe machaja amatsalira. Poto yanu ndi mthiko zisasakanikirane ndi za m'nyumba. Chimene mwaswa chineneni popereka makiyi, chifukwa tambula imodzi ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi dipoziti yonse yogwidwa. Ngati mukubwerera Lamlungu kapena tsiku lomaliza la tchuthi chachitali, pofika 9 koloko mukhale muli mumsewu, chifukwa masana N3 yolowera ku Johannesburg imadzaza ndi obwerera kuchokera ku Durban ndipo mizere ya pa Wilge ndi De Hoek imatalika.